Envulopu Imene Ndinabisa M'katoni ya Sopo

1

Ndiyambe ndi kudziyeretsa: ine si wakuba. Chibadwire sindinabepo nkhuku ya munthu, ndipo choko cha sukulu chimene chimapezeka m'chikwama mwanga chimalowamo chokha. Koma chaka china posachedwapa ndinaba envulopu imodzi yakhaki, moti mpaka lero aphunzitsi a m'zoni yathu akandiona amayamba kutsokomola pobisa kuseka.

Dzina langa ndi Taziona. Ndinabadwira kufupi ndi Thambani, m'boma la Mwanza, ndipo ndaphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi pa sukulu ina ya pulayimale komweko. Dzina la sukuluyo ndisunga, paja mlandu ndi wanga, si wa sukulu. Kalasi langa linali Sitandade 2, ana 130, onse ofuna kupita kuchimbudzi nthawi imodzi.

Amuna anga ndi a Suzgo Mhango, a ku Rumphi. Boma linawatumiza kwathu kudzaphunzitsa Sitandade 8, ine n'kuwagwira asanaone njira yobwerera. Ndi munthu wofatsa, wosita ngakhale kampango ka m'thumba, wokonda buku kuposa mpira. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Miracle, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

M'banja mwathu munalibe nkhondo kupatula ya nkhani imodzi, imene aphunzitsi timaitchula kuti upgrading. Uku ndi kupita ku koleji kwa mphunzitsi wa pulayimale kuti akatenge dipuloma kapena digiri, n'kuyamba kuphunzitsa ku sekondale. Chaka chilichonse chidziwitso chake chikagwa pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi, sitafu yonse imatekeseka. Ahedi athu nawo amabwereza nyimbo yawo yomweyo: makalasi ndi asanu ndi atatu, aphunzitsi ndife asanu ndi awiri, wopita akhale mmodzi basi.

Chaka chimenecho chidziwitso chitatuluka, a Mhango anandipeza ndikusankha mpunga pakhonde.

"Tazi, advert ija waiona?"

"Ndaiona. Mafuta ophikira atha."

"Ayi, ndimati ndimve maganizo ako."

"Maganizo anga mukuwadziwa. Za upgrading m'nyumba muno ayi. Wofuna kupita apite, koma asiye makiyi pawindo."

Anaseka, n'kulowa m'nyumba akuimba mluzu. Ine sindinaseke. Ndinali ndi chifukwa changa chodera nkhani imeneyi, chifukwa chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ndipo nanunso mudikire pang'ono.

2

Mkazi amadziwa mwamuna wake ngati mmene amadziwira pamene denga limadontha. Temu yachiwiri itatsala pang'ono kutha, a Mhango anayamba kudontha malo achilendo.

Analowa m'khitchini. Munthu amene kwa zaka zisanu ndi zinayi sankadziwa kumene timasunga mchere anayamba kundifunsa ngati nyemba amathira tomato zitapsa kapena zisanapse. Tsiku lina anaphika therere limene tinachita kudula ndi mpeni.

Loweruka lina masana ndinawapeza pakhonde atamukhazika Miracle pakati pa miyendo, akuphunzira kumuluka tsitsi. Mwana misozi ili mbwembwembwe, mizere ya m'mutu itapita uku ndi uku ngati tinjira ta mbuzi.

"Kodi mwanayu wakulakwirani chiyani?"

"Bambo azidziwa zonse, Tazi. Za mawa sizidziwika."

Za mawa sizidziwika! Mumtima ndinati ehe, zayambika. Kuphikaku akuphunzirira ku hositelo, kulukaku ndi chikumbumtima cha munthu amene akutsanzika mwana wake mwakachetechete.

Chimene chinandimaliza ndi sutikesi. Ndikusesa kuchipinda, tsache linagunda chinthu kunsi kwa bedi, chokulungidwa m'thumba la feteleza. Nditakoka ndinapeza sutikesi yatsopano, ya matayala, ya pinki. Pinki! Mwamuna amene malaya ake onse ndi oyera kapena a buluu! Ndinakhala pansi tsache lili m'manja, n'kugamula mlandu ndekha: sikuti akungopita ku koleji kokha ayi, aliponso kale wowasankhira mitundu. Ndinaibwezera mmene inalili, osafunsa kanthu.

Sabata yotsekera temu a Mhango anadzipereka kundithandiza malipoti a ana. Amene sanasainepo malipoti 130 sangamvetse: pofika la makumi asanu dzanja limayenda lokha, maso ali kwina. Tinakhala patebulo Lamulungu masana, iwo akulemba magiredi, ine ndikusaina. Ankangopinda pepala n'kuloza ndi chala, "Apa. Apanso. Apa." Ine saini, saini, uku khutu lili pa wailesi. Titamaliza ndinathokoza ndi pakamwa pokha, chifukwa mumtima ndinkaona ngati ziphuphu.

3

Temu yachitatu itangotsegulidwa, mu Epulo, dzino linanditupitsa tsaya moti ndinayenera kupita kuchipatala ku boma kukazulitsa. M'mawa ndikumanga mpango, a Mhango anatulukira ndi envulopu yaikulu yakhaki, yomata ndi guluu, pamwamba pake selotepu, pamwamba pa selotepu chidindo cha sukulu. Kutsogolo inalembedwa kuti ikupita ku ofesi ya a DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lathu.

"Muli mafomu a upgrading," anatero. "Ahedi adinda, a PEA asaina. Deadline ndi Lachisanu. Ine sindingachoke, mayeso a Eight ayandikira. Ukapereke m'manja, usasiye kwa mlonda."

A PEA ndi mlangizi amene amayendera masukulu a m'zoni yathu, ndipo kalata ya mphunzitsi siyenda osadzera kwa ahedi ndi kwa iwo. Apa ndinaona kuti nkhani inapsa kalekale, aliyense akuidziwa kupatula mwini banja. Ndinalandira envulopu ndi manja awiri ngati mkazi waulemu, tsaya lili tuu, mtima uli tuu.

Ulendo wonse pa pikapu yochokera ku Thambani envulopu inali pamiyendo panga, ikunditentha ngati mbale ya phala. Dzino anazula bwinobwino, n'kundiika thonje m'kamwa, amvekere ndisalankhule kwa ola lathunthu. Ndipo ndi ola lomwelo limene ndinakumana ndi Malita pafupi ndi msika.

Malita ndi mnzanga wa ku koleji ya uphunzitsi. Anataya choko kalekale, pano amaoloka malire kukapikula supageti, mafuta ndi nsalu ku Zobue. Magalasi akuda, mafoni awiri, pakamwa posatseka. Tsiku limenelo anapeza mwayi umene wakhala akuufuna moyo wake wonse: munthu womvera wosatha kuyankha.

"Amiga, mnzanga! Ukadali kudya fumbi la choko? Taona khosi lako! Nanga ichi n'chiyani? Upgrading? Yako?"

Ndinapukusa mutu.

"Ya alamu? Ndiye wokapereka n'kukhala iweyo? Eee, Tazi, ndiwe nkhuku yosenza yokha nkhuni zoiwotchera! Mwamuna ukamugwirira makwerero, akafika pamwamba amawakoka. Ku koleji kuli tiatsikana ta mawigi, tolankhula Chizungu cha m'mphuno. Iwe akabwera pa holiday uzidzamuuza chani? A, e, i, o, u?"

"Mmm," ndinatero ine.

"Ndiye ndikukuuza, siya choko, tiye ku border. Three months yokha ubwerera thupi. Pension? Pension imapeza munthu mano atatha, ndipo iwe wayamba kale lero."

Titasiyana ndinapitabe ku ofesi kuja, ndisaname. Ndinafika mpaka pakhomo. Bambo wina wa pamenepo anandifunsa, "Tikuthandizeni, mayi?" Ndinayang'ana envulopu, ndinayang'ana chitseko, n'kuona sutikesi ya pinki ikukwera basi. Ndinaloza tsaya langa ngati ndasochera pofuna chipatala, n'kutembenuka. Pamsika ndinagula manachesi, envulopu n'kuiika pansi pa thumba.

"Wapereka?" anafunsa a Mhango nditangofika.

"Mmm."

"Analandira ndani?"

"Mayi ena a magalasi."

Ofesi iliyonse ya boma ili ndi mayi a magalasi. A Mhango anamunyamula Miracle m'mwamba n'kuvina naye pabwalo, ine ndikusenda nachesi limene sindikanatha n'kudya komwe.

4

Kuba n'kosavuta, chovuta ndi kosunga. Kuwotcha ndinaopa, paja panali chidindo cha boma. Kunyumba sikukanatheka, chifukwa a Mhango anali atayambanso kusesa mpaka kuseri kwa kabati.

Ndiye ndinakumbukira kagolosale kanga. M'makalasi a ana aang'ono timakonza kangodya kokhala ngati golosale, n'kuikapo mapaketi ndi mabotolo opanda kanthu, kuti ana aziphunzirira kugula ndi kugulitsa. Kanga kanali kotchuka zoni yonse: mashelefu a nsungwi, timapaketi ta shuga, zitini za mkaka, mabokosi a machesi. Pashelefu ya pamwamba penipeni, pamene mwana sangafikire, panali katoni yaikulu ya sopo waufa. Ndinapinda envulopu pawiri, n'kuilowetsa mmenemo. Lachisanu linafika, n'kudutsa.

Ndinkayesa ndipeza mtendere. Walira mvula walira matope.

Ahedi anayamba kundimwetulira mwachilendo. Akandipeza pa asembule amvekere, "Madam Mhango, kalata ija inafika eti? Tingodikira basi, Mulungu ndi wabwino." A PEA, mayi Chikopa, anandidutsa pa njinga yamoto tsiku lina n'kukuwa, "Madam, tikukupemphererani!" Ine ndinati taonani, zoni yonse ikundimvera chisoni ngati wamasiye, mwamuna akadali m'nyumba.

A Mhango m'mawa uliwonse ankakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira, kukaona ngati mayina atuluka. Akamatsika akupukusa mutu, "Sanatulutse," ine ndimayang'ana kumbali. Ndinawakonda kwambiri masiku amenewo, ndipo ndinadzida kwambiri.

M'masabata omwewo ndinayamba kudzifunsa chimene ineyo ndikufuna pa moyo. Njira zinali zitatu. Kukhala ndi ana anga 130 mpaka tsitsi lichite mbuu, ndipo si njira yoipa, chifukwa palibe chokoma ngati mwana amene anabwera osadziwa kugwira pensulo akakuwerengera dzina lako. Kapena kumutsata Malita, amene ankaimba foni kawiri pa sabata kundiuza kuti malo anga akuzizira. Ndinayesa kudziona ndikukangana ndi osintha ndalama pamalire, katundu ali pamutu, koma ine ngakhale wogulitsa tomato amandigonjetsa.

Njira yachitatu ndinkaiyang'ana ngati mmene wodwala shuga amayang'anira nzimbe. Ndiulule pano: m'foni mwanga munali zidziwitso za upgrading za zaka zisanu, zosungidwa bwinobwino. Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza bwino, makamaka masamu. Ndikatopa ndi a, e, i, o, u, ndinkatenga mapepala akale a mayeso a sekondale n'kumawerengera kuseri kwa masikimu, mapepala athu okonzera maphunziro, ngati mmene ena amachitira ndi bawo. Koma ndikangoganiza zonyamula chikwama n'kusiya mwana pakhomo, ndimatseka foni msangamsanga.

5

Wakuba ali ndi masiku makumi anayi. Anga anakwana mu Juni, m'mawa wina wozizira, pamene njinga ya mayi Chikopa inaima pansi pa mtengo wa mango popanda chenjezo. Anabwera kudzayendera makalasi, ndipo anayambira langa.

Analowa ndi ahedi. Pambuyo pawo panali a Mhango atanyamula mipando iwiri, poti ana awo a Sitandade 8 anali atalemba kale mayeso. Ataika mipando sanatuluke, anaima pakhomo kuti aonerere mkazi wawo akuwala.

Ndipo ndinawaladi. Phunziro linali la kugula ndi kugulitsa, ana ankayankha ngati ndawalipira. Ndikakweza chinthu n'kufunsa, "Ichi n'chiyani?" kalasi lonse limakuwa limodzi, "Shu-ga!" "Ma-che-si!" Mayi Chikopa analemba, anagwedeza mutu, analembanso. Kenako chimwemwe chinawapitirira, anaimirira.

"Shopping corner iyi ndi number one m'zoni muno. Tiyeni nanenso ndigule. Odi kugolosale!"

"Fikani, mayi," ndinayankha ndikumwetulira.

"Ndikufuna sopo waufa. Wamkuluyo."

Ndinaima kutsogolo kwa shelefu.

"Ameneyo watha, mayi. Tengani machesi."

"Watha bwanji ndikumuona?"

"Ndi... ndi wa oda."

Ana anaseka, ahedi anaseka, a Mhango anaseka kuposa onse. Mayi Chikopa ndi munthu wamtali. Anangotambasula dzanja n'kutsitsa katoni ija, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu.

"Iii, Madam, muli sopo weniweni kodi?"

Anaizondotsa. Envulopu inagwa pansi kuti phaa, chidindo cha sukulu chili m'mwamba. Mayi Chikopa anaitola n'kuikweza kuti aione bwino, ndipo ana anga okhulupirika, ophunzitsidwa bwino, anakuwa onse 130 mosafunsidwa: "E-nvu-lo-pu!"

Ahedi anawatulutsa anawo kuti akapume. M'kalasi munatsala anthu anayi.

"Madam," anatero mayi Chikopa pang'onopang'ono, "iyi si ija ndinasaina mu April?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinayang'ana a Mhango. Kuseka kunali kukadali pankhope pawo, koma kutauma, ngati kwaiwalidwa pomwepo. Apa mawu anangophulika okha.

"Sindimafuna apite! Mundichotse ntchito kaya, koma sindimafuna apite!"

"Apite ndani?"

"Bambo a Miracle!"

Ahedi anagwira pakamwa n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Mayi Chikopa anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi awo. Kenako anang'amba envulopu n'kundipatsa mapepala.

"Mphunzitsi ndinu. Tawerengani."

Pamwamba pa fomu, m'zilembo zikuluzikulu zosita bwino za amuna anga, panali dzina: TAZIONA MHANGO. Pakona, chithunzi changa. Kuseri, makope a masatifiketi anga. Pansi, malo atatu, saini yanga yeniyeni, yopendekeka ngati ya munthu amene akumvera wailesi. Apa. Apanso. Apa.

Pepala lomaliza linali kalata ya a Mhango yopita kwa a DEM. Ankalonjeza kuti mkazi wawo akaloledwa kupita kusukulu, iwo adzatenga Sitandade 2 kuwonjezera pa kalasi lawo, kuti ana asasowe mphunzitsi.

"Zaka twenty-two ndikuyendera masukulu," anatero mayi Chikopa. "Ndaona obisa ma register, ndaona obisa ufa wa phala. Koma wobisa tsogolo lake lomwe m'katoni ya sopo, Madam, ndinu woyamba."

"Palibe chimene chingachitike?" anafunsa ahedi.

"Seven weeks itadutsa? Chaka chino chapita."

A Mhango anatola katoni ija, anaipukuta fumbi ndi kampango kawo kosita, anaibwezera pashelefu bwinobwino, n'kutuluka.

6

Bola akanandikalipira. Masiku atatu anangokhala chete, akuphika, akusesa, akumuluka Miracle, ine ndikuyenda m'nyumba mwanga ngati mlendo amene waswa kapu.

Loweruka masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuchapa masokosi. Ndinakhala pamwala pafupi nawo.

"Bambo a Miracle, ndikalipireni chonde. Chete ameneyu andipha."

"Ndikalipire chani? Kalata ndi yako, wabisa ndi iwe."

"Munadziwa bwanji kuti ndimafuna?"

"Tazi, munthu amene amasova quadratic equation kuseri kwa scheme ya Standard 2, ukuganiza akufuna kukagulitsa spaghetti? Ma advert a m'foni mwako ndinawaona. Chaka chilichonse umasunga, chaka chilichonse umati mafuta atha. Ndinati uyu payekha sadzalemba, ndimukankhe."

"Nanga osandiuza?"

"Ukanakana. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera, saini ya munthu sabera. Koma tsiku lija ndimanjenjemera kuti ufunsa kuti mafomuwa ndi a ndani. Ukanafunsa ndikanakuuza, ine kunama sinditha."

"Nanga pinki?"

"Wogulitsa anati azimayi amakonda imeneyo."

Ndinafuna kuseka, koma iwo anasiya kuchapa n'kundiyang'ana, thovu likudontha m'manja.

"Chaka chatayikachi sindikudandaula, chibweranso china. Chikundiwawa n'chakuti zaka naini wakhala ndi ine nyumba imodzi, ukundiyang'ana ngati munthu amene wavala kale nsapato zothawira. Ndinakulakwira chani?"

Apa ndi pamene ndinaulula chimene ndakusungirani chija.

Ndinawauza kalekale a Mhango kuti bambo anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sanamwalire. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anapita ku upgrading. Mayi anga anagulitsa manachesi nyengo yonse kuwakonzera ulendo, ndipo tsiku lonyamuka anawasenzera sutikesi pamutu mpaka pa siteji, ine ndikuthamanga pambuyo. Chaka choyamba ankabwera pa tchuthi. Chachiwiri kunkabwera makalata. Chachitatu tinangomva kuti ali ndi banja lina ku Balaka. Alipo mpaka lero, anapuma ntchito. Mayi anati tizinena kuti anamwalira, chifukwa wamasiye anthu amamulemekeza, wosiyidwa amamuseka.

Ndinamaliza ndikulira ngati mwana wa Sitandade 1 tsiku loyamba. A Mhango anafinya sokosi, n'kuliyanika.

"Ndikudziwa," anatero.

"Mukudziwa?"

"Amalume ako anandiuza tsiku la chinkhoswe, atalawa pang'ono. Komanso amayi ogulitsa zitumbuwa pa sukulu. Komanso wa kabaza wina. Ku Thambani kuli chinsinsi? Ndimangodikira tsiku loti undiuze wekha."

Zaka zonsezi ndikusenza mwala umene mudzi wonse unkaudziwa kulemera kwake! Manyazi ndi mpumulo zinandigwira nthawi imodzi.

"Ndiye tamvera," anapitiriza. "Amene unamubisira kalata uja si ine, ndi bambo akowo. Ine ndine Suzgo. Ndinabwera kuno ndi chikwama chimodzi, ndipo sindinachinyamulenso. Komanso ndikuuze, sukuopa kuti ndipita ine kokha ayi. Ukuopa kuti ukapita iweyo, udzafanana nawo."

Ndinangotenga sokosi linalo n'kuyamba kuchapa, chifukwa ananena zoona.

7

Nkhani inafika zoni yonse dzuwa lisanalowe, ndipo dzina langa latsopano linali a Positi Ofesi. Malo aja anapita kwa mnzathu Liness wa Sitandade 5, amene anakapereka mafomu ake yekha ngati munthu wanzeru. Malita nditamufotokozera anangoti, "Ine ndimangopereka maganizo, amiga," n'kudula foni, amvekere kasitomala wabwera.

Ndinali ndi chaka chathunthu choganiza popanda wondikankha. Chidziwitso chitatulukanso, ndinakhala patebulo lomwe lija, ndinalemba mafomu ndi dzanja langa, ndinawerenga mzere uliwonse kawiri ndisanasaine. Ahedi anadinda akuseka, mayi Chikopa anasaina akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako ndinamata envulopu n'kuwapatsa a Mhango.

"Mukapereke ndinu. M'manja, osati kwa mlonda."

"Ukundikhulupirira? Bwanji ndikakumana ndi Malita?"

"Pitani."

Anabwera madzulo atanyamula katoni ya sopo waufa. Ndinaizondotsa, ndipo munagwa kapepala kodindidwa ndi ofesi, kosonyeza kuti mafomu alandiridwa.

"Analandira ndani?" ndinafunsa.

"Mayi ena a magalasi," anatero. "Enieni."

Mayina atatuluka, a Mhango anatsika pachulu paja akuthamanga, foni ili m'mwamba, mpaka nsapato imodzi inatsala m'njira.

Tsiku lonyamuka silinali lophweka. Miracle anali atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu. Msewu wa ku siteji ndi wa miyala, matayala a sutikesi anakana kuyenda, ndiye a Mhango anaisenza pamutu. Ine pambuyo ndinkaona munthu wosenza sutikesi ndi kamtsikana kakuthamanga m'mbali mwake. Pikapu itafika ndinaima osakwera.

"Amama, mubweranso?" anafunsa Miracle.

"Ndibwera, mwanawe."

"Kwera, Tazi," anatero bambo ake. "Ife sitisuntha."

Ndinakwera, ndikulira mpaka ku boma.

Pano ndili chaka chachiwiri pa koleji ina ku Zomba, ndikuphunzira za kaphunzitsidwe ka masamu. Liness ali chaka chimodzi patsogolo panga, ndipo sataya mwayi wondikumbutsa. A Mhango aonda, paja ana a Sitandade 2 si masewera, koma mizere ya m'mutu mwa Miracle tsopano ndi yowongoka ngati ya m'kope. Azimayi a pa mjigo amawanong'oneza kuti mkazi akapita ku koleji sabwera yekha. Iwo amangoyankha kuti n'zoona, amabwera ndi mabuku.

Inu owerenga, makamaka aphunzitsi anzanga amene mwaima pamphambano, mukuyeza choko, bizinesi ndi sukulu, sindikuuzani njira yoti mutenge. Malita ali bwino kumene ali, ndipo amene asankha kukalamba ndi ana a Sitandade 2 ndimawavulira chipewa. Changa ndi chimodzi: posankha muonetsetse kuti akusankha ndinu, osati bala lakale. Ine ndinalanga mwamuna wosalakwa pa mlandu wa munthu wa ku Balaka, ndipo chikwapu chinagwera pamsana panga pomwe. Safunsa anadya phula, ine ndinadya chaka chathunthu. Funso lake linali lalifupi kuposa onse amene ndimafunsa ana m'kalasi: mafomuwa ndi a ndani?

Katoni ija ili pano pa desiki yanga, ndimasungiramo zolembera. Tchuthi chikuyamba Lachisanu. Sutikesi ya pinki ndalongedza kale, ndipo minibasi yoyamba ya ku Mwanza indipeza ndili pa depoti, chifukwa ku Thambani kuli kamtsikana kamene ndinakauza kuti ndibwera.